Chiliza cha Masuku

Goodman, mwana wa malemu achimwene anga, anabwera kuchokera ku Joni maso ali psuu ngati munthu amene wakhala akukoleza moto wa nkhuni zaziwisi. Anatsika pa njinga yamoto ya kabaza, chikwama kumsana, nsapato zoyera mbee, koma kukhala pansi osatha. Timuyalire mphasa, iye chiimire. Timupatse mpando, wakhala pang'ono, wanyamuka, uyo akuzungulira nkhokwe ngati nkhuku yofuna poikira.

"Iwe, mpandowo uli ndi nsikidzi?" ndinamufunsa.

"Azakhali, ine sindikugona."

"Kwatira."

Sanaseke. Hilda, mwana wa mng'ono wanga amene ndimakhala naye pakhomo pano, ndiye anaseka. Awiriwa ndi asuweni, ndiye amatchulana mwamuna ndi mkazi kuyambira ali ana.

"Mwamva, amuna anga? Ine ndilipo, mukuchedwa ndinu."

Apanso Goodman osaseka. Anati akangotseka maso kumabwera kankhalamba kakafupi, dengu pamutu, n'kuima kumiyendo kwake, osalankhula. Ntchito ya kugalaja inatha, foni anamubera, ndipo mneneri wina wa konko anamuuza kuti kwanu kuli kholo limene likugona pamtetete, mukalimangire nyumba. Ndiye wabwera kudzamanga chiliza pamanda a agogo Namakhwa. Simenti ikubwera m'mbuyo, pamodzi ndi matailosi.

Goodman anakulira kwa amayi ake ku Kaduya, za kwathu kuno amangozimva. Ndiye ndiyambe ndakuuzani kumene agogowo anagona.

Kuseri kwa mudzi wathu, ukamakwera cha kuphiri, kuli kankhalango. Si kakakulu ayi. Munthu atakutukwana ali mbali ino, iwe uli mbali inayo, umva mawu onse bwinobwino. Koma poti kwina konse kuno kwa Nazombe kunayera, kunangotsala minda, miyala ndi bulugamu, kankhalangoka kamaonekera patali ngati tsumba pamutu wometa. Muli misuku, miyombo, mitondo, ndi mipoza cha m'mphepete. Kukayamba kutentha miyombo imatulutsa masamba ofiira ngati yachita manyazi, kenako n'kubiriwira mvula isanadonthe n'komwe. Mvula ikagwa ndiye bowa: manyame achikasu aja, chipindi, ndelema. Pitani mukamufune m'bulugamu bowa ameneyo, mukabwerako ndi dengu lopanda kanthu.

Mitengo imeneyi palibe anadzala. Pamenepo panali munda wa chinangwa wa agogo Namakhwa, amayi awo a amayi anga, amene anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki kuthawa chibalo cha Apwitikizi, mwana kumsana, mbewu ya kalongonda atamanga m'kansalu. Anamwalira ine ndili kamtsikana koguluka mano. Mvula chaka chimenecho inali yolusa, mtsinje unadzaza, kumanda kosawolokeka, ndiye anawaika m'munda mwawo momwemo. Atatha kukwirira, amalume anasolola mtengo umodzi wauwisi wa mlombwa pa imene ananyamulira maliro, nauzika kumutu. Ine ndinaona ndi maso angawa ndili m'chitsamba, pakuti ana sankaloledwa. Mlombwa ndi mtengo wosamva kufa. Uzike chabe, waphuka.

Kuyambira pamenepo khasu silinagwerenso m'mundamo. Zitsa zimene agogo ankalimbana nazo moyo wawo wonse zinaphukira, mileme inabweretsa nthangala, ndipo pamene ndinkakwatiwa n'kuti muli mthunzi. Chaka cha napolo chija, madzi atatsika ndi miyala kuchokera kuphiri, chimwala china chachikulu ngati khitchini chinadzakodwa pamitondo ya kumtunda. Chilipobe, chikuyang'ana denga langa. Mtumbira unaphwa kalekale, anzanga amene anali pamaliropo anatha, ndipo a masiku ano amangodziwa kuti agogo ali m'menemo, penapake. Wodziwa kuti mlombwa waukulu wa pakati uja ndiwo manda ndinatsala ndekha. Palibenso anandifunsapo.

Tsono pali nkhani ya masuku. Akomiti yoyang'anira nkhalango anaika lamulo loti masuku tizitola ogwa okha. Wothothola aawisi n'kukawavundika m'dothi kuti apse msanga, alipire nkhuku. Lamulo labwino, ine ndinaliombera m'manja, ndipo ana ndimawakalipira nalo kwambiri. Koma miyendo yanga singapikisane ndi ana otola m'mamawa, komanso m'kamwa mwangamu zinthu zimene ndingathe kudya zinatsala zochepa. Ndiye ndili ndi kadzenje kanga, kakatali, pafupi ndi mlombwa uja. Ndimayalamo masamba, kuthiramo masuku, kukwirira, kuzunguliza miyala, pamwamba n'kuvundikirapo phale la mphika wosweka monga ankachitira pamanda akale. Nkhumba imaopa mwala, mwana amaopa phale. Zaka zonsezi palibe anandiberapo ngakhale suku limodzi.

Choipa n'chakuti mu komitimo muli Hilda. Ali ndi tisheti yake yobiriwira imene amavala ngakhale popita kuchigayo. Ndipo nkhuku imene ndinali nayo inali imodzi, tambala wanga wofiira, wolira mochedwa ngati mwini wake.

M'mawa mwake Goodman anati tiyeni kumanda. Ine n'kuti ndateleka kalongonda, ndipo kalongonda sasiyidwa, umataya madzi n'kuthira ena mpaka ululu wake uthe, apo ayi mudzi wonse uledzera. Ndinati, "Tsogolani ndi mkazi wakoyo, mukaime pamlombwa waukulu, ndikupezani."

Nditafika ndinapeza mwana wa achimwene anga wavula nsapato zoyera zija, wagwada patsogolo pa masuku anga, misozi chuchuchu.

"Agogo, ndabwera. Pepani ndachedwa. Ndine Goodman, mwana wa Amosi. Taonani mmene akutayirani, phale basi, ngati munalibe ana."

Ndinabisala kuseri kwa msuku, n'kuluma chitenje. Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mulungu andikhululukire, koma inunso mukanaseka. Nditapukuta maso ndinatulukira ndi nkhope ya pamaliro.

"Azakhali," anatero Goodman, "mukumva? Pakununkhira. Fungo lokoma, ngati zipatso."

Ndinayang'ana Hilda. Tisheti yobiriwira ija inandiyang'ananso.

"Eya," ndinatero. "Anali munthu waukhondo agogo ako."

Mumtima ndinati palibe chovuta. Masuku apse, ndiwafukule mwakachetechete, kenako ndimuuze kuti mwanawe, sunthira uku. Koma Goodman pamalopo osachokapo. Anasesa, anazula udzu, anakonza miyala yanga kuti ikhale mumzere. Dzuwa litafika paliwombo anatsamira tsinde la mlombwa kuti apume, ndipo tulo tinamuba. Anagona mpaka madzulo, kukamwa yasa, nyerere zikumuyenda. Nkhani inafalikira mudzi wonse kuti agogo amulandira. Amayi a kutchalitchi anayamba kututa mchenga, ena kunyika chimera cha thobwa la tsiku lotsegulira chiliza. Ndikapita m'mawa, pali anthu. Ndikapita masana, Goodman ali gone. Masuku anga akupsa pansi, ine ndikupsa pamwamba.

Kenako kunabwera Goliati. Goliati ndi mmisiri wa zonse kuno, kumanga, kucheka matabwa, kufula agalu. Dzina lake musalione kukula, mwini wake amandifika paphewa. Anazungulira dzenje langa ndi chingwe chake, anayang'ana kumwamba, anakanda ndevu.

"Bwana, apa simenti ndi kutaya. Mwaiona mizu iyi? Chaka chamawa chiliza chang'ambika pakati. Ndiye masamba, ndiye mbalame, matailosi anu oyera aja adzakhala ngati m'khola. Mtengowu uchoke."

"Uchoke," anatero Goodman.

"Ndipo musavutike n'kundilipira zodulazo. Matabwa ake andikwanira."

Anaunyambita ndi maso mlombwawo, kuyambira pansi mpaka kunsonga. Ndinaona zitseko zikuyenda m'mutu mwake.

"Hilda," ndinatero, "komiti yako ilola?"

"Za manda komiti silowerera, amayi aakulu. Mwini manda akafuna, ife tilibe mawu."

Madzulo amenewo, tikudya pakhonde, ndinalankhula. Ndinatsuka kukhosi, ndinakhala bwino, manja pamaondo.

"Goodman, mwana wa achimwene anga, tamvera. Pamene ukugwada paja palibe munthu. Agogo ako ali pansi pa mlombwa. Mlombwawo ndiwo chiliza chawo. Anazika ndi amalume, ine ndikuona."

Hilda anatsamwa ndi madzi. Goodman anamwetulira koyamba chibwerere.

"Mwayambatu, azakhali."

"Sindinayambe kanthu."

"Amuna anga, musawamvere," anatero Hilda. "Awa anauza alendo a kutchalitchi kuti malemu amuna awo ankayendetsa ndege. Alendo mpaka kuwajambula. Chikhalirecho bambo aja ngakhale njinga ankachita kukankha."

"Ija inali nthabwala. Iyi ayi."

Hilda osaleka. "Anauzanso mlongo wanga, mlamu wanu uja, kuti mankhwala a dazi ndi ndowe ya mbuzi yakuda. Munthu anazola sabata yathunthu."

"Nanga tsitsi silinamere pang'ono?"

"Chabwino," anatero Goodman. "Ngati paja palibe agogo, pali chiyani? Miyala ija, phale lija, anaika ndani?"

Apa mpamene ndikanangonena. Koma tambala wanga anali pomwepo akutola nyenyeswa, khosi lake likunyezimira. Ndinaganizanso za ana onse amene ndinawathamangitsa ndi ndodo chifukwa cha masuku aawisi, mmene adzandiimbire nyimbo panjira ya kumjigo.

"Pali zinthu," ndinatero.

Anaseka mpaka Hilda kugwetsa mbale. Goodman anandisisita pamsana, akuti azakhali inu ndinu mankhwala. Moyo wanga wonse ndakhala ndikufuna kuti anthu aseke, ndipo tsiku limodzi lokha limene sindinafune ndi limene anaseka koposa.

Kusagona kwa Goodman kunasamukira kwa ine. Iye ankadzuka nkhope yosalala, ine maso ali gwa. Ndikatenga tsache ndimapezeka ndaima pakati pa bwalo ndikuyang'ana kuphiri. Mitambo inali itayamba kuunjikana pamwamba pa Mulanje, kutentha kwa mtundu uja woti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli pululu. Goliati anali atanena kuti adula Loweruka. Ndinati ndili ndi nthawi, ndipeza nzeru. Ndinaganiza zodwala. Ndinaganiza zolota maloto anga, agogo akukana, koma ndani akanakhulupirira maloto a Alesi? Ndinafika pobisa nkhwangwa ya Goliati m'munda wa nandolo, osadziwa kuti munthuyo ali nazo zingapo.

Lachinayi m'mawa ndili pamjigo, ndowa isanadzaze, ndinamva. Go! Go! Go! Goliati anaona mitambo n'kuganiza zofulumira.

Ndowa ndinaisiya pomwepo. Sindikudziwa kuti miyendo ija ndinaibwereka kwa ndani. Ndinadutsa m'minda ya eni, mpango unatsala pamtengo wa minga, patapata mmodzi anatsala mumzere. Polowa m'nkhalangomo ndinaona kumwamba kwang'ambika, dzuwa likulowa pamene silinalowepo kuyambira ndili mtsikana. Nthambi yaikulu ya kum'mawa inali pansi, itathyola timisuku tiwiri pogwa. Podulapo pankatuluka utomoni wofiira uja wa mlombwa, ukuyenderera pakhungwa ngati munthu wamutema. Goliati anali atatsika, walavulira m'manja, wayamba tsinde.

"Goliati! Kachidule iwe! Siya!"

"Mwadzuka bwanji, mayi Alesi?" Go!

"Ndati siya! Ukutema agogo anga!"

Panali anthu ambiri, amayi a mchenga ndi mabeseni awo, amuna osakaniza simenti. Onse anayamba kumwetulira, kudikira kuti gule wa lero akhala wotani. Goodman anabwera n'kundigwira mkono mwaulemu.

"Azakhali, chonde, lero lokha. Pano ndi pamanda. Nthabwala tikachitire kunyumba."

Go! Chibanthu chofiira chinadzagwa paphazi panga.

Ndinamusasa mkono. Ndinapita pamtumbira wawo uja, n'kulimenya theche phale, linakagwera uko. Amayi ena anakuwa. Ndinagwada n'kuyamba kufukula ndi manja ngati galu.

"Mayo! Akufukula maliro!"

"Agwireni! Apenga!"

"Agwire ndani? Agwire iweyo!"

Mabeseni anagwa. Amayi a mchenga anabalalika, wina anakakwera chimwala cha napolo, sindikudziwa kuti anakwera bwanji ndi thupi lake lija. Goliati anaponya nkhwangwa n'kubisala kuseri kwa mtengo womwe amadulawo. Goodman anangoti khwaa pansi, manja kumutu, akuitana dzina la Yesu ndi la bambo ake mosinthanasinthana. Ine osacheuka. Dothi, dothi, kenako masamba ofunda, kenako fungo linabuka. Ndinapisa dzanja mpaka m'chigongono. Wina anati, "Akutulutsa fupa!"

Ndinatulutsa suku. Linali litapsa mopitirira, lofewa ngati phala. Ndinalitswanya, n'kulipsipa onse akuona, madzi akutsikira kuchibwano, nthangala ndinalavulira kumapazi kwa Goodman. Ndinatenga lina. Ndinakokolola ena ndi manja awiri n'kuwamwaza pabwalo limene anasesa bwino lija.

Njiwa yokha ndiyo inkalira kumtunda.

Woyamba kuyandikira anali Hilda. Anatola limodzi, analinunkhiza, analitembenuza.

"Amayi aakulu. Awa ndi ovundika."

"Ndi ovundika. Ndinathothola ndine, ndi mtengo wa nsungwi, chaka chino ndi chatha ndi china chija. Katenge tambala. Ali kuseri kwa bafa, umugwire bwino amajompha. Koma uyu," ndinaloza Goliati, "akakhudzanso mtengo uwu, ayambe wadula ine."

Ndinafuna kuwonjezera kena koseketsa, koma sikanabwere. M'malo mwake kunabwera zina. Ndinapezeka ndakumbatira tsinde lija, tsaya langa pabala, ndikulira ngati kamtsikana kaja kanali m'chitsamba. Anthu a m'mudzi muno anandionapo nditaledzera, nditagwa m'ngalande, nditavina pamaliro a apongozi anga, koma kulira anali asanandione. Amene anayamba kuseka za masuku analeka.

Goodman anadzuka pang'onopang'ono. Nkhope yake inali ya munthu amene wamenyedwa mbama pagulu.

"Ndiye masiku onsewa ndakhala ndikulirira masuku? Inu mukuona?"

"Ndikuona. Ndinaseka, sindikana."

"Anthu adzandiseka mpaka ku Kaduya."

"Adzaseka. Ukalamba nazo. Koma tandiuza, pamene unkagona masana aja, mutu unkatsamira pati? Pamasuku?"

Anayang'ana tsinde. Pamene ankatsamira panali posalala, m'munsi pang'ono mwa bala la nkhwangwa.

"Awa ataya tambala," anatero Hilda motsitsa mawu. "Amuna anga, mayi awa sangataye tambala chifukwa cha nthabwala."

Goliati anatulukira kuseri kwa mtengo akukanda ndevu. Anapisa dzanja m'balalo, zala zonse zinalowa. Anati mtengo ungathe kupola, ungathenso kugwa ndi mphepo ya mvula yoyamba, iye sangalonjeze. Anafunsa ngati nthambi yagwa kaleyo angatenge. Ndinamuuza mawu amene sindingalembe pano. Kenako ndinamutuma akatape dothi la pachulu ndi ndowe, ndipo anamata balalo yekha ndi chipande chake chomangira, mosamala ngati akupaka pulasitala nyumba ya abusa.

Za chiliza tinakangana mpaka dzuwa kupendeka. Goodman ankafuna kuzunguliza tsinde ndi simenti. Ndinati ukufuna kuwamanga pakhosi agogo ako? Munthu anathawa chibalo wapansi kuti iwe udzamutsekere m'matailosi? Pomaliza ndinamupatsa chikwanje.

"Dula apa, panthambi yagwayi. Mtengo wowongoka, wotalika ngati iweyo. Usasende khungwa."

Anadula. Ndinamulozera pambali pa agogo, cha kumadzulo, pamene dothi lili lofewa. Anakumba, anazika, anapondaponda ndi mapazi opanda nsapato.

"Ameneyu ndi wa agogonso?"

"Ameneyo ndi wanga. Tsiku langa likadzafika usadzavutike ndi aneneri. Ndipo Hilda, waona? Mboni ndiwe, ndi tisheti yakoyo."

Thobwa linali litaphikidwa kale, ndiye anthu anamwa, masuku anga n'kudyera pomwepo, a komiti omwe. Tambala anadyedwa pamsonkhano wawo wotsatira, ine anangonditumizira chipalapasiro. Simenti inathera pakhonde langa, moti pano ndimakhala posalala ngati mkazi wa woyendetsa ndege weniweni. Ana a kumjigo nyimbo anapeka, ndipo ndi yokoma, ndimathandiza kuimba.

Mvula yagwa kawiri tsopano, yachiwiriyo ndi mphepo. Ikangoyamba kuwomba ine ndimakhala ndatuluka, kumvetsera kuphiri. M'mawa uliwonse ndimakwera kukaona. Mlombwa udakaima, koma dothi lija limakokoloka, utomoni ukudonthabe, ndimamata lina. Mtengo wangawo sunaphuke. Ndimaukanda ndi chikhadabo, mkati mudakali mwauwisi.

Goodman anabwerera ku Joni. Dzana anaimba pafoni ya Hilda. Akuti akugona, koma kankhalamba kaja kakubwerabe.

"Kakuti chiyani?" ndinafunsa.

"Sikalankhula. Kamangokhala kumiyendo kwanga, dengu katatsitsa, kakudya masuku n'kumandilavulira nthangala. Ndipo azakhali, nkhopeyo ndayiyang'anitsitsa. Ndi yanu."

Ndinamuuza kuti aleke kudya nyemba madzulo. Kenako ndinabweza foni, chifukwa kuphiri kunali kutadanso, masamba a mango atayamba kutembenuka, ndipo dothi lomatira ndinali ndisanakande.